Kalata kwa Makolo Potseka Teremu Yoyamba

Okondedwa makolo ndi nonse amene mukulera ana a pa sukulu yathu,

Landirani moni wochokera kwa ine, aphunzitsi anzanga ndi komiti ya sukulu. Tiyamike Mulungu potisunga mpaka kumapeto kwa teremu yoyamba. Tikutsekera Lachisanu lino, ndipo ana tiwamasula 10 koloko m'mawa.

Ndisazungulire. Nkhani yaikulu ya kalatayi ndi ulendo wa ku Dedza wa ana a Sitandade 7 ndi 8, umene unachitika mwezi watha wa Novembala. Zambiri zanenedwa pa gulu lathu la WhatsApp ndi pa geti, ndipo zina si mmene zinayendera. Ndinakhala chete dala kuti ana alembe kaye mayeso mtima uli m'malo. Mayeso atha, ndiye ndiloleni ndifotokoze.

Tinasankha Chongoni chifukwa ana athu amaphunzira za zojambula za m'mapanga m'kalasi, koma ambiri sanazionepo ndi maso, chikhalirecho zili pa mtunda wosafika makilomita 100 kuchokera mu Lilongwe muno. M'deralo muli malo 127 a zojambula zakale, zofiira zimene anasiya Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Si bwino kuti mwana wa m'chigawo chapakati amalize pulayimale akungomva za Chongoni ngati ndi kunja.

Ulendo usanafike tinakutumizirani kalata, ndipo tinaiikanso pa WhatsApp. Tinapempha kuti mwana aliyense abwere ndi juzi, chovala choteteza ku mvula, nsapato zotseka ndi botolo la madzi, foni aisiye kunyumba. Tinati ndalama ya ulendo ifike ku ofesi kutatsala sabata yathunthu, ndipo mabasi adzanyamuka 6 koloko m'mawa osadikira munthu. Palibe chimene tinalemba pongofuna kudzaza pepala.

Ena munandifunsa moseka kuti, "Ahedi, juzi mu Novembala, kutentha konseku?" Funsoli ndi lomveka kwa munthu amene waima pa depoti masana thukuta lili kamukamu. Koma nyengo ya kuphiri si ya m'tauni. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye muwonjezerepo mphepo ndi zovala zonyowa. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene chilimwe chikutha koma dzinja lisanakhazikike, ndi imene imanyenga kwambiri. M'mawa kumacha kumwamba kuli mbee. Dzuwa likamakwera nthaka imatentha, mpweya wachinyezi umakwera m'mbali mwa phiri, ukafika pamwamba umazizira n'kusanduka mitambo. Pofika 1 kapena 2 koloko masana, phiri limene mumaliona bwinobwino m'mawa limakhala litafunda nkhungu, mabingu akugunda. Amene munakulira ku Dedza kapena ku Ntcheu mukudziwa zimene ndikunenazi. Tinati 6 koloko kuti tikwere m'mawa, tione zojambula, 12 koloko ikamakwana tikhale titatsika tikudya kamba wathu pafupi ndi mabasi.

Komanso nyengo za masiku ano sizikutsatanso kalendala ya agogo athu. Kale munthu ankadziwa kuti chizimalupsa chikagwa mu Okutobala, mvula yobzalira ili m'njira. Lero mvula ikhoza kugwa ya mwezi wonse pa tsiku limodzi, kenako n'kudula masabata angapo. Tonse tikukumbukira Namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi m'mapiri a ku Mulanje ndi Phalombe n'kukwirira mabanja athunthu. Chaka chotsatira, mu 2024, linali vuto la ng'amba, moti boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi. Mphunzitsi wotenga ana a eni kupita nawo kuphiri sangaiwale zimenezi.

Tsiku la ulendo, 6 koloko inakwana mabasi ali pa geti, koma ana ambiri anali asanalipire. Mwini mabasi anakana kuti anyamuke asanalandire ndalama yonse, ndipo sindimuimba mlandu, pakuti mafuta sagulidwa ndi malonjezo. Makolo ena anabwera ndi ndalama 7 koloko, ena 8 koloko, ena anangotumiza mwana ndi uthenga woti, "Ukawauze ahedi ndidzapereka mwezi ukatha." Tsono mwana wavala yunifomu, wanyamula kamba wake, anzake akukwera basi, ine ndimubweze akulira? Tinatapa ndalama yogulira mapepala a mayeso n'kukwaniritsa. Mabasi ananyamuka 9 koloko itadutsa. Maola atatu amene tinataya pa getiwo ndi omwe aja tinawasungira kuti tithawe mvula ya masana.

Pokwera basi ndinaona ndi maso anga ana ovala masilipasi, ena malaya okhaokha. Mtsikana wina wa Sitandade 7 anandionetsa m'chikwama mwake: munali zakumwa, mabisiketi, tchipisi ndi ndalama yambiri yogulira zina m'njira, koma juzi munalibe. Sikuti makolo ake ndi osowa ayi. Kalata sanaiwerenge, kapena anaiwerenga n'kuganiza kuti aphunzitsi akungokokomeza.

Ena mwafunsa chifukwa chake sitinangolephereza ulendowo. Titafika tinakambirana ndi munthu wotilondolera wa komweko, tinachotsa malo akutali n'kutsala ndi phanga limodzi lapafupi ndi msewu. Kumwamba kunali kowala, ndipo ulendo waufupiwo ukanatha ana onse ali ouma. Koma powerenga ana kuti tiyambe kutsika, tinapeza kuti anyamata anayi a Sitandade 8 palibe. Anazemba n'kukwera pamwamba pa thanthwe kukajambulana ndi foni, foni yomwe ija tinaletsa, imene kholo linapereka likudziwa.

Tili mkati mowaitana, mphepo inatembenuka n'kuyamba kuzizira. Nkhungu inatsika mofulumira moti mphunzitsi woima chapafupi unkangomva mawu ake osamuona. Kenako mabingu, matalala, mvula yamphamvu. Njira imene tinakwerera ili fumbi lokhalokha inasanduka ngalande ya madzi ofiira. Masilipasi ena anaduka, ena anapita ndi madzi, ana n'kumatsika chopanda nsapato pa miyala yoterera. Kagulu kena kanathamangira pansi pa mtengo wautali, ndipo aphunzitsi anachita kuwakoka kuti achokepo, pakuti pamenepo ndi pamene mphenzi imakonda kugwa. Aphunzitsi awiri aamuna pamodzi ndi wotilondolera uja anabwerera m'nkhungumo kukafuna anyamata aja. Anawapeza atakhala mopanikizana kuseri kwa mwala, akulira, mano akugundana ndi kuzizira, mmodzi atabinya phazi. Mphunzitsi wa masamu anamubereka kumsana mpaka ku basi.

Aphunzitsi aakazi anavula zitenje zawo n'kufunditsa ana amene analibe juzi, iwo n'kutsala akunjenjemera. Mayi wina wa m'mudzi wapafupi, amene sankatidziwa n'komwe, anakoleza moto m'khitchini mwake, anaphika tiyi m'poto wamkulu ana n'kumalandizana makapu, ndipo titafuna kumulipira anakana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, mayiyo anatikumbutsa zimenezi ndi ntchito zake. Mnyamata wobinya phazi tinapita naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo pano akuyenda bwino. Ana angapo anadwala chimfine sabata yotsatira, onse anachira n'kulemba mayeso.

Tinafika pa sukulu kutada. Nkhawa imene munali nayo podikira pa geti ndikuimvetsa, inenso ndine kholo. Chimene sindingavomereze ndi zimene zinatsatira. Bambo wina anagwira mphunzitsi pa kolala ya malaya n'kumutukwana ana akuona, mphunzitsi yemwe uja anali atabereka mwana wa munthu wina kutsika naye phiri m'matalala. Usiku womwewo ena analemba pa WhatsApp kuti aphunzitsi anali ataledzera, ena kuti ana anasiyidwa okha m'nkhalango. Ndinali komweko, ndipo zimenezi ndi zabodza. Chondipweteka mtima kwambiri n'chakuti pakati pa amene anakuwa kwambiri pali ena amene mpaka lero sanapereke ndalama ya ulendowo. Mphunzitsi wogwidwa pa kolala uja anabwera ku ofesi m'mawa mwake ndi kalata yosiya ntchito, ndipo ndinachita kumupempha kuti aganizire ana a Sitandade 8 amene akulemba mayeso a MANEB chaka cha mawa. Wavomera kukhala. Ndikupempha bambo amene munachita zimenezi kuti mubwere tidzakhale pansi, mudzapepese kwa mphunzitsiyo, nkhaniyi ithe mwaulemu tisanalowe chaka chatsopano.

Anyamata anayi aja tinawaitana pamodzi ndi makolo awo, analandira chilango chawo ndipo anapepesa kwa anzawo. Nkhani yawo inathera pomwepo. Chonde musamawaloze zala m'misewu, ndi ana ndipo aphunzirapo kanthu.

Komiti ndi aphunzitsi tagwirizana kuti maulendo a maphunziro apitirira, koma motere: ndalama sitidzalandiranso pa tsiku la ulendo, mwana amene alibe zovala zimene talemba sadzakwera basi, ndipo foni yopezeka ndi mwana tidzaisunga ku ofesi mpaka kholo litabwera lokha. Maulendo a kumapiri tidziwachita mvula ikatha, ndipo tisananyamuke tidzamvera kaye uthenga wa a Nthambi Yoona za Nyengo. Ngakhale pamenepo juzi idzafunika, chifukwa Juni ndi Julaye ku Dedza ndi kozizira koopsa. Sitikuika malamulowa pofuna kukuvutitsani ayi. Ngati juzi kapena nsapato zavuta, bwerani msanga mudzatinong'oneze, pali makolo ena amene amatipatsa zovala zimene ana awo anazikula. Tithandizeni powerenga kalata iliyonse imene mwana wabwera nayo, ndipo pamene simunamvetse funsani.

Nkhani ya fizi ndi yomweyi. Tikutseka teremu mabanja ambiri asanamalize kulipira, ena ali ndi ngongole ya chaka chatha. Malipiro a aphunzitsi a Novembala anachedwa, bilu ya madzi ikutidikira, ndipo ndalama ya mapepala ija sinabwererebe. Mwana amene ali ndi ngongole sadzalowa m'kalasi teremu ya mawa kholo lisanaonane nafe. Ndikudziwa kuti zinthu zavuta, ino ndi nthawi ya feteleza ndi mbewu, ndipo mitengo ya zinthu pa msika ikukwera tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake ndikuti bwerani. Tikhoza kugwirizana zolipira pang'onopang'ono, bola tilembe pa pepala ndipo musunge lonjezo. Chimene chimativuta ndi kholo limene limazimitsa foni n'kumangotumiza mwana. Mukalipira kudzera pa foni kapena ku banki, bweretsani umboni ku ofesi mulandire lisiti.

Pa tchuthi pano mvula ikhala itakhazikika. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'mapiri a Dzalanyama, ndiye ukhoza kudzaza mwadzidzidzi ngakhale m'tauni muno dzuwa likuwala, chifukwa cha mvula yogwa kumtunda. Lingadzi nayenso tikumudziwa zimene anachita ku Mtandire mu 2017. Letsani ana kusambira, kuwedza kapena kudutsa m'madzi othamanga, ndipo mabingu akayamba alowe m'nyumba. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira mankhwala, tisabwerere ku mavuto a kolera amene anachedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe mu Januwale 2023.

Zabwino nazo zinalipo teremu ino, ndipo tikuthokoza onse amene munathandiza. Timu ya atsikana ya mpira wamanja inapambana masewero a sukulu za m'dera lathu. Ana ambiri a Sitandade 2 tsopano akuwerenga Chichewa mosadodoma. Kalabu ya zachilengedwe yafesa mitengo imene tidzabzale mu Januwale. Zimbudzi zatsopano za atsikana zatha ndipo zikugwira ntchito. Kwaya yathu inaimba bwino pa tsiku la makolo. Talandiranso aphunzitsi awiri atsopano, wa Chingerezi ndi wa sayansi.

Malipoti tipereka Lachisanu kwa kholo, osati kwa mwana. Tsiku lotsegulira mu Januwale talilemba pa lipoti potsatira kalendala ya Unduna wa Zamaphunziro. Ana a Sitandade 8 atenga ntchito ya pa tchuthi, chonde muone kuti akuilemba. Msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi udzachitika Loweruka loyamba sukulu itatsegulidwa, 9 koloko m'mawa, ndipo amene muli ndi mafunso ena pa za ulendo wa ku Dedza mudzawafunse kumeneko, ine ndi aphunzitsi amene tinapita tidzayankha.

Ndikufunirani Khrisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chamtendere.

Ine wanu pa ntchito yolera ana athu,

Mphunzitsi Wamkulu