Lipoti la msonkhano wa makompyuta othandiza pa kafukufuku mongodzipereka

A wapampando, alembi ndi mamembala nonse a kalabu yathu ya zamakompyuta, nali lipoti la kumsonkhano munanditumako kuja.

Tinayamba ndi mbiri. SETI@home, ntchito yofufuza zizindikiro za zamoyo zanzeru za kumlengalenga pogwiritsa ntchito makompyuta a anthu odzipereka, inayamba mu 1999 ku yunivesite ya California ku Berkeley n'kusiya kugawa ntchito mu 2020. Folding@home, yofufuza za mapuloteni ndi matenda, chaka chomwecho pa nthawi ya Covid-19, inasonkhanitsa makompyuta a anthu wamba mpaka mphamvu yake inaposa exaflop imodzi, kutanthauza masamu biliyoni kuchulukitsa ndi biliyoni pa sekondi. Za malamulo ndi ziphaso zinali zogonetsa tulo, ndazidumpha.

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti masiku ano munthu sakufunikanso kuika pulogalamu yolandirira ntchito zoterezi ngati BOINC. Amangotsegula tsamba pa browser, luso la mu browser lotchedwa WebAssembly n'kumawerengetsa, lina lotchedwa WebRTC n'kumalumikiza ma browser okhaokha kuti azipatsirana ntchito. Vuto limayamba anthu akachuluka. Ma browser 100 aliyense atalumikizana ndi mnzake aliyense, njira zake zimakwana 4,950, ndipo palibe laputopu ingapirire gawo lake anthu akafika masauzande. Choncho aliyense amagwirana ndi anzake ochepa, uthenga n'kumayenda mopatsirana. Wina amatseka tsamba ntchito ili pakati, tsamba losayang'anidwa browser imalichepetsera liwiro, wina amabweza yankho labodza. N'chifukwa chake ntchito imodzi amaipereka kwa awiri kapena atatu n'kufananitsa mayankho.

Koma zoti "sipafunika seva" musazimvere. Pamafunika seva yodziwanitsa ma browser poyamba, ndipo kulumikizana mwachindunji kukakanika, zonse zimadutsa pa seva yamkhalapakati yotchedwa TURN, yomwe wina ayenera kuilipira. Zimakanika kawirikawiri pa intaneti ya pafoni, pomwe anthu ambiri amagawana adiresi imodzi.

Msonkhano unagwirizana kuti pasamayende kanthu mwini kompyuta asanavomere, pokumbukira pulogalamu ya Coinhive, yomwe masamba ena ankaigwiritsa ntchito kukumba ndalama za pa intaneti za Monero mobisa pa makompyuta a anthu otsegula masambawo mpaka inatsekedwa mu 2019. Apo ndinakweza dzanja. Koma ganizo loti tikope anthu a mafoni ndinalikana, ndipo ndikulikanabe. Kuno munthu agule bandulo ya ndalama zake, batire atchajitse pamsika magetsi atazima, ndiye apatsirenso data ya anthu osawadziwa? Amene anabweretsa ganizoli intaneti yawo sitha.

Ife tiyambe ndi makompyuta a mu labu, amene ali pa netiweki imodzi ndipo usiku amangokhala. Apa ndiye pali nkhani ya rauta. Tinagwirizana kalekale kuti igulidwe, ndalama tinasonkha, mpaka lero zii. Kiyi wa labu nayenso amagona m'thumba la munthu mmodzi. Popanda ziwirizi zimene ndaphunzira zingothera papepala, ndiye ena adzati ndinangopita kukadya alawansi.

Malisiti ndapereka kwa a msungichuma. Ya thiransipoti yobwerera ndinaonjezera yanga, ndikupempha ikambidwe Loweruka limodzi ndi za rauta.