Za link ija inakana kutseguka

Aise,

Ndikudziwa ndakhala zii nthawi yaitali, voice note yako ija ndinaimvera kawiri konse koma zimene unafunsazo sizingakwane mu voice note, nde lero poti magetsi alipo ndati ndikhale pansi ndikulembere bwinobwino. Kuno ku Zomba tonse tili bho, mayi ndi bondo lawo lija basi. Kukuzizira koopsa moti m'mawa phiri silikuoneka nkomwe ndi nkhungu, ukakwera kabaza kuchoka ku Matawale kulowa m'tauni umafika zala zitauma gwa. Kaya iwe ku Joni kumeneko, ndimamva kuti June wake nayenso sanyengerera.

Unafunsa za link ija ndinakutumizira pakati pa usiku, imene unati siikutseguka mpaka unaganiza kuti WhatsApp yanga yabedwa. Sinabedwe ayi, ndinatumiza ndine ndemwe, ndipo anzanga akundiseka nayo mpaka pano. Koma ndiyambire poyambira.

Ku shopu ya photocopy kuja ndinasiya mu April. Zaka zitatu aise ndikutaipa ma assignment a ana a ku Chanco, iwo kumaliza kumapita ine ndili pa mpando womwewo, ndinaona kuti ndikalambira pa makina amenewo. Nde pa gulu lina la WhatsApp munthu anaponya za maphunziro opanga ma website, amawatcha bootcamp, masabata 12, Lolemba mpaka Lachisanu kuyambira 8 koloko mpaka 4, ndipo anati olo usadziwe kalikonse bola ukhale ndi laputopu. Ndinatenga ndalama yanga ya ku banki m'khonde, achimwene anandiwonjezera pang'ono, ndinagula laputopu ya kaunjika ya RAM 4GB, batire yake siyidutsa mphindi 40 ikachoka ku magetsi, ndi kukalembetsa. Tsiku loyamba nditabwerako mayi anandifunsa kuti ukuphunzira chani kumeneko, ndinati code, iwo eya ndikumva, kodi chani? Ndinati code mayi, code. Anafika pokwiya kuti mwana iwe ndikukufunsa zenizeni iwe ukungoti kodi kodi osamaliza funso. Mpaka lero kwa aneba amangoti ndikuphunzira zamakompyuta.

Ine ndimadziona ngati katswiri chifukwa ndimataipa osayang'ana keyboard, koma kumeneko kutaipa sikuthandiza olo pang'ono. Tinayamba ndi HTML, imene imangouza browser, pulogalamu yotsegulira ma website ngati Chrome, kuti ichi ndi mutu, ichi ndi chithunzi, ichi ndi batani. Kenako CSS ya maonekedwe, mitundu, kukula kwa zilembo, chiyani chikhale kumanja chiyani pakati. HTML ndinaigwira msanga, CSS ndi imene inandionetsa zakuda, tsiku lathunthu ndikulimbana kuti kabokosi kamodzi kakhale pakati pa tsamba, ndikakakankha kakupita pansi, ndikakabweza kakubisala kuseri kwa chithunzi, mpaka mtsikana amene ndimakhala naye desiki anandionetsa flexbox, mizere itatu yokha kabokosi nji pakati. Ndinangogwira kukamwa.

Nde za link. Sabata yachitatu ndinamaliza tsamba langa loyamba, la bizinesi ya achemwali yosoka ija, ndinaikapo zithunzi za madiresi a chitenje, mitengo, nambala yawo, zonse. Mu VS Code, pulogalamu imene timalembera code, muli kanthu kotchedwa Live Server, ukakadina tsamba lako limatseguka mu Chrome ngati website yeniyeni ndipo pamwamba pamalembedwa 127.0.0.1:5500. Ine chisangalalo, ndinakopera zimenezo ndi kutumizira iwe, achemwali, achimwene ku Lilongwe, ngakhale abusa athu ndinawatumizira. M'mawa wake aliyense akuti sizikutseguka. Ndinapita kwa aphunzitsi ndili wokwiya kuti Chrome yanga ili ndi vuto, iwo anaseka mpaka kugwira tebulo, anaitana kalasi yonse kuti bwerani muone. Kani 127.0.0.1 imatanthauza "kompyuta ino", iliyonse imene uli nayo m'manja, amati localhost. Iweyo utadina ku Joni foni yako imadzifufuza yokha kuti tsamba la achemwali lili kuti. Zinali ngati ndakulembera kalata ndi kuika adiresi yoti "kunyumba kuno". Koma phunziro la tsiku limenelo ndi limene linandilowa kuposa onse, kuti website ndi mafayilo basi okhala pa kompyuta ya wina imene siyizima, seva, ndipo foni yako imangopita kukapempha kuti ndipatseni, seva nkupereka. Aphunzitsi anati munthu amene anayambitsa zimenezi ndi Tim Berners-Lee ku CERN, malo ofufuzira za sayansi ku Switzerland, mu 1989, cholinga chake chinali choti asayansi azigawana zolemba zawo. Ine ndimaganiza kuti Facebook ndi intaneti ndi web ndi chinthu chimodzi, usandiseke.

Panopa tili pa JavaScript ndipo apa mpamene anthu ayamba kuthawa. Tinayamba 22 tatsala 14. Iyi ndi imene imapangitsa kuti ukadina batani chinachake chichitike. Akuti Brendan Eich anailemba m'masiku 10 okha mu 1995 ali ku Netscape, nditamva zimenezo ndinati nchifukwa chake ili ndi makhalidwe otere. Tamvera izi. Pa tsamba la achemwali ndinaika malo oti kasitomala alembe mtengo wa diresi ndi ndalama yotumizira pa minibasi, kenako adine batani limuuze zonse pamodzi. Ndinayesa ndekha, diresi 15000, kutumiza 2000, kudina, tsamba likuti mulipire K150002000. Achemwali anali pambali panga akusenda mbatata, anasuzumira nkunena kuti diresi limeneli ndikagulitsa limodzi lokha ndigula nyumba ku Mulunguzi. Ndinakhalapo maola awiri, code ndikuiona ili bwinobwino, chizindikiro cha kuphatikiza chilipo, palibe chofiira chilichonse. Kani zimene munthu walemba m'bokosi JavaScript imazitenga ngati mawu osati nambala, nde ukati phatikiza imangozilumikiza ngati mikanda, 15000 kenako 2000 pambuyo pake. Umayenera kuiuza kaye kuti iyi ndi nambala, kulemba Number ndi kuikamo m'mabulaketi. Mawu amodzi aise, maola awiri. Nditakonza nkuona 17000 ndinakuwa mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa.

Chimene ndaona nchakuti kompyuta siyochenjera monga timaganizira tili ku sekondale, imachita ndendende zimene waiuza olo zikhale zopusa, siyikufunsa kuti mwatsimikiza? Ndipo masabata oyamba ndikaona zilembo zofiira mu console, kawindo ka mu Chrome kamene kamaonetsa zolakwika za code, mtima umagunda ndi kutseka msanga ngati ndaona njoka, pamene zofiirazo ndi zimene zikukuuza pamene pali vuto, mpaka nambala ya mzere imakupatsa. Aphunzitsi athu ali ndi lamulo, ukawaitana amayamba afunsa kuti error ikuti chani, werenga mokweza. Kawirikawiri ukamawerenga mokweza umadzimva wekha kuti ohoo ndalemba getElementByID ndi D wamkulu mmalo mwa d wamng'ono, iwo asanayankhe nkomwe. Chingerezi chake ndi chovuta inde koma ndi mawu omwewomwewo amabwerezedwa, undefined, not a function, unexpected token, ukawazolowera amakhala ngati achibale.

Za magetsi sindikuuza zachilendo. Tsiku lina ndinagwira ntchito kuyambira madzulo mpaka cha m'ma 10, magetsi thii, batire inanditengera mphindi zochepa nayonso nkuzima, m'mawa kuyatsa fayilo ina yasokonekera. Kuyambira pomwepo Git ndimaitenga ngati pemphero la usiku. Git ndi kapulogalamu kosunga mbiri ya code yako, ukasintha chinthu umapanga commit ndi kulemba kuti ndasintha chakuti, ukaononga mawa umabwerera pomwe zinali bwino, kenako push, kutanthauza kuzitumiza kuti zikakhale pa GitHub, website yosungirako code pa intaneti, laputopu olo itagwera mu Likangala ntchito yako ilipo. Anailemba ndi Linus Torvalds yemwe uja wa Linux mu 2005, munthu mmodzi zinthu ziwiri zikuluzikulu, ena tikulephera kabokosi. Ma commit anga oyamba ukawaona ungafe ndi phwete, "zatheka", "zakanikanso", "chonde gwira ntchito".

China chimene sindikanachiganizira ndi kulemera kwa zithunzi. Ndinajambula madiresi ndi foni ya achimwene, chithunzi chimodzi pafupifupi 4MB, ndinaika 12. Pa WiFi ya ku sukulu zikutseguka bwino ine nkumadzitama. Aphunzitsi anangoti zimitsa WiFi, tsegula ndi bandulo yako, ndinaona ndekha tsamba likutsika pang'onopang'ono ngati phala lozizira, data ikutha ndikuyang'ana. Anati makasitomala a achemwali ako ndi ndani, ali ndi ma laputopu? Zoona, ndi amayi a ku Chinamwali ndi ku Mpondabwino, ana a sukulu a ku Chikanda, onse pa foni, bandulo ya tsiku limodzi, tsamba likachedwa amangotseka. Ndinachepetsa zithunzi zonse chilichonse chisafike 200KB, ndinayamba kukonzera sikirini ya foni kaye laputopu pambuyo, ndipo fomu yaitali imene ndinaikonda ija ndinaichotsa nkuika batani limodzi lotsegula WhatsApp ya achemwali, chifukwa kuno munthu safuna kudzaza fomu, amafuna kufunsa kuti mungandichotsereko zingati. Mavidiyo ambiri a pa YouTube amene timaonera amapangidwa ndi anthu oti intaneti kwawo siyitha, nde zina umayenera kuziganiza wekha.

Usaganize kuti zonse ndi zokoma. Pa chilengezo paja analemba ngati ukamaliza masabata 12 ntchito ikudikira pakhomo, limenelo nde bodza, ndipo ndikuona kuti ena anathawa chifukwa anabwera ndi maganizo amenewo. Liwiro lake ndi loopsa, lero loops mawa functions mkuja arrays, ukadwala malungo masiku atatu wabwerera m'mbuyo mwezi. Ena apeza njira yachidule, amangofunsa ChatGPT nkumata, tsamba nkuoneka lokongola kuposa la tonse, koma Lachisanu lililonse timaimirira kutsogolo kufotokoza code yathu mzere ndi mzere, nde pamenepo pamaoneka amene waphika ndi amene wagula zophikaphika. Inenso ndimaifunsa, sindinama, koma ndimaiuza kuti indifotokozere osati indilembere, nanga ndalama ya banki m'khonde ndikubwezabe, ndilipire kuti makina aphunzire mmalo mwanga? Pali masiku ndimabwera kunyumba mutu ukuwawa nkumadzifunsa kuti pa msinkhu uno ndikulimbana ndi ana a zaka 19 amene amagwira zinthu kamodzi, ndikanangokhala pa photocopy. Koma m'mawa ndimapezeka ndadzuka 5 koloko chifukwa ndalota pomwe panali vuto.

Masabata anayi atsalawa akuti tikhudza pang'ono React, chida cha JavaScript chopangira masamba, ndi za kuseri pa seva, database yosungira zinthu ndi zina, ine ndikudziwa kuti ndituluka ndikudziwa pang'ono chabe. Koma malo ogona alendo ali mbwee njira ya ku Ku Chawe ndi m'tauni muno, masukulu a pulaiveti, anthu operekeza alendo kuphiri, ena mwa iwo ali ndi Facebook yokha, nde ndikuganiza zoyamba ndi amenewo, mtengo wochepa kaye kuti ndikhale ndi zoonetsa. Bambo wina wa ku tchalitchi wandifunsa kale za tsamba la sukulu yake ya mkaka, tagwirizana kuti andipatse theka poyamba, nkhani za "pangani kaye tidzaona" ndinatopa nazo ku shopu.

Tsamba la achemwali tsopano lili pa GitHub Pages, ndi zaulere, ndipo link yake ndi yeniyeni, ndikutumizira pa WhatsApp ndikamaliza kalatayi. Ndikufuna undithandize zinthu ziwiri. Ulitsegule pa foni yako ndi pa ya mlamu, udine chilichonse, ulembe zopusa m'mabokosimo, ngakhale zilembo pamalo pa nambala, chikasweka ujambule sikirini unditumizire, osandimvera chisoni. Chachiwiri, ukamayenda m'mashopu kumeneko undifunsireko mtengo wa batire ya ThinkPad ndi RAM ya 8GB, nambala ya model ndikujambulira, ngati zili bwino udzapatsire aliyense wobwera pa basi ndidzakubwezera pa Mpamba ya amayi ako.

Amayi ako ndinawaona Lamlungu ali bwino, akuti uziimba. Matemba a ku Chilwa amene unalira aja ndauza achemwali akusungire, koma ukachedwa ndidya ndine. Upereke moni kwa mlamu ndi kamwana.

Ine mnzako,
wa ku Matawale