Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a chemistry: mayina a ma alkane anthambi

Aphunzitsi anzanga a dipatimenti ya sayansi, zikomo pondituma kukakuimirirani ku msonkhano wa aphunzitsi a chemistry a m'dera lathu. Nkhani zinalipo zingapo, koma yomwe tinakhalitsapo ndi ya kutchula mayina a ma alkane anthambi (mamolekyu a kaboni ndi hydrogen basi, omwe unyolo wa makaboni awo uli ndi nthambi), chifukwa ana athu amaluza malikisi apa pokonzekera MSCE.

Aphunzitsi a sukulu zosiyanasiyana anadandaula chinthu chimodzi. Mwana akaona mzere wowongoka pabolodi, amangoti unyolo wautali ndi womwewo. Pomwe lamulo la IUPAC, bungwe la padziko lonse loika malamulo a mayina mu chemistry, limafuna unyolo wautali kwambiri wa makaboni olumikizana, ngakhale utakhota. Otiphunzitsa anajambula makaboni anayi pamzere, n'kuika ethyl (nthambi ya makaboni awiri) pa kaboni wachiwiri. Dzina lobwera msanga m'mutu ndi 2-ethylbutane, koma dzina limenelo n'lolakwika. Mukatsata unyolo podutsa mu nthambi ija, makaboni amakwana asanu, ndipo dzina lake ndi 3-methylpentane. Ine ndikuona kuti mwana akamvetsa apa, zotsalazo sizimuvuta kwenikweni.

Zotsalazo tinangokumbutsana. Manambala amayambira mbali yopatsa nthambi nambala yaying'ono, choncho ndi 2-methylpentane, osati 4-methylpentane. Nthambi zimalembedwa motsata afabeti, ethyl patsogolo pa methyl (nthambi ya kaboni mmodzi), ndipo di kapena tri, osonyeza nthambi zofanana ziwiri kapena zitatu, sawerengedwa posanja, monga mu 3-ethyl-2,2-dimethylhexane.

Chinandisangalatsa n'chakuti tinakambirananso zoyankha mwana wofunsa kuti zonsezi n'zantchito yanji. Fomula ya C4H10 ili ndi ma isomer (mamolekyu a fomula imodzi koma olumikizana mosiyana) awiri okha, C6H14 ili ndi asanu, koma C8H18 ili ndi 18. Popanda dongosolo, wina angasiyanitse bwanji? Mmodzi mwa 18 amenewo, 2,2,4-trimethylpentane, ndiye anapatsidwa 100 pa muyeso wa octane woyezera petulo. Nayo 2-methylpropane ndi gasi wa R600a wa m'mafiriji ambiri amakono.

Pempho langa ndi ili: tisanalembe dzina lililonse pabolodi, ana ayambe aumba mamolekyu ndi dongo ndi timitengo ta machesi, awapinde, awatembenuze, awerenge okha makaboni ndi chala. Sizifuna ndalama. Ngati a mkulu wa dipatimenti avomera, ndingakonde tidzayeserere limodzi pa mkumano wathu ukubwerawu tisanapite nazo m'kalasi.