Lipoti la nthumwi zathu: ntchito ya apolisi pakagwa ngozi komanso pa nkhani ya zigawenga

A wapampando, mafumu athu, amayi ndi abambo a komiti ya apolisi akumudzi kuno kwa Mkanda, zikomo potituma. Msonkhano unali wa masiku awiri pa boma la Mchinji. Kunali apolisi, a khonsolo, a Red Cross, a zaumoyo ndi a zolowa ndi kutuluka a ku chipata cha Mwami. Zokamba zinachuluka, koma chachikulu chimene tabwera nacho n'chakuti ngozi ikagwa, oyamba kufika ndi ife, chifukwa nthawi ya dzinja galimoto ya apolisi sifika kuno msanga. Tikafika, zochita zathu n'zitatu: kutchinga malo, kuwerenga anthu ndi kutumiza uthenga wolondola.

Za udindo sitichedwapo. Ngozi zogwa mwadzidzidzi zili m'manja mwa nthambi ya boma ya DoDMA, potsatira lamulo la 2023 limene linalowa m'malo mwa la 1991, ndipo pa boma amatsogolera ndi bwanamkubwa. Asilikali ndiwo amasaka ndi kupulumutsa anthu m'madzi. Apolisi amasunga bata, kutseka misewu, kulondera katundu, kuona za mitembo ndi kufufuza milandu. Namondwe wa Freddy, amene anagwa mu Malichi 2023 n'kukwirira anthu ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe, anasonyeza kuti milatho ikaduka onsewa amachedwa, ndipo amayamba kufukula ndi anthu a pamudzi pomwepo.

Uthenga wopita kupolisi ukhale ndi mfundo zisanu: malo enieni, chimene chachitika, chiwerengero cha ovulala, omwalira ndi osowa, msewu umene ukudutsika, ndi choopsa chimene chatsala, monga moto kapena nthambo za magetsi zogwa. Chimasokoneza n'chakuti oimba foni amakhala atatu, wina akuti afa awiri, wina akuti khumi. Aziimba munthu mmodzi, ndipo azinena zimene waona ndi maso.

Pa madzi osefukira, ambiri amene amakokoloka pa Bua ndi pa Rusa amakhala akuwoloka dala. Madzi othamanga okwana masentimita 15, ongopitirira m'kakolo, amagwetsa munthu wamkulu. Okwana 30 amatenga galimoto yaing'ono, ndipo 60 amatenga ngakhale yaikulu. Nanga njinga ya kabaza yonyamula mayi ndi thumba la chimanga? Mlatho ukamira, timange chingwe mbali zonse ziwiri, anthu awiri aime tsidya lino, awiri tsidya lina, mpaka madzi ataphwa ndipo taona kuti pansi sipanakumbike. Wina akakokoloka, osalumphiramo, maliro angakhale awiri. Timuponyere chingwe, nsungwi yaitali kapena chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotseka bwino.

Apolisi anakhalitsa pa za magalimoto onyamula mafuta, poti amadutsa ambiri pa msewu wa M12, wochokera ku Lilongwe kubwera ku Mchinji. Anatikumbutsa za ku Caphiridzange, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumene mu Novembala 2016 anthu oposa 70 anapsa n'kufa atasonkhana kudzatunga petulo. Chimayaka ndi mpweya wa petulo, umene umayenda chapansi n'kudzaza m'ngalande, moti ndudu kapena njinga yamoto yolizidwa chapatali imakwanira kuyatsa. Thanki ikagwa, anthu asunthidwe mamita 300, aime kumene mphepo ikuchokera. Thanki ikagwira moto, mtunda ukhale mamita 800. Wobwera ndi chidebe abwezedwe, ngakhale akhale mlamu wathu.

Nkhani ya mitembo inavuta, chifukwa mwambo wathu sulola kusiya munthu padzuwa. A zaumoyo anafotokoza kuti thupi la munthu wofa ndi madzi kapena khoma silibweretsa mliri monga ambiri amaganizira, choncho palibe chifukwa choikira m'manda mothamanga. Lifundidwe, lisasunthidwe pokhapokha ngati madzi angalitenge, ndipo pamene linapezeka paikidwe chizindikiro. Foni, chiphaso ndi zovala zisachotsedwe, ndizo zimathandiza abale kumuzindikira. Apolisi ndi dokotala akaliona, ndiye mwambo uyambe.

Kumsasa wa anthu othawa ngozi ndi kumene milandu imachulukira. Kaundula alembedwe tsiku loyamba, banja ndi banja, asanamve anthu kuti ufa ukubwera, apo ayi mayina amaswana usiku umodzi. Katundu awerengedwe potsitsa pamaso pa mfumu, a komiti ndi wapolisi, onse asayine. Amayi ndi atsikana agone kwaokha, zimbudzi zawo zikhale padera ndipo njira yake iziwala. Muyeso wake ndi chimbudzi chimodzi pa anthu 20 ndi malita 15 a madzi pa munthu patsiku. Wogawa thandizo amene akufunsira mayi kuti amulembe dzina wapalamula mlandu, si nkhani yokambirana pabwalo la mfumu ayi. Ipite ku Victim Support Unit, ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo ikakhudza mwana pali nambala yaulere ya 116. Kumudzi kotsala nakonso kuzilonderedwa, poti akuba mbuzi ndi malata amadikira nthawi yomweyi.

Tsiku lachiwiri linali la zigawenga. Ena a ife tinkaona ngati n'zakutali, ndipo n'zoona kuti Cabo Delgado, kumene nkhondo ya zigawenga inayamba mu 2017, ili kumpoto kwa Mozambique, kumalire ndi Tanzania. Zigawenga zinalanda tauni ya Palma mu Malichi 2021, ndipo chaka chomwecho bungwe la maiko a kumwera kwa Africa la SADC linatumizako asilikali. Chodetsa nkhawa apolisi n'chakuti boma lathu la Mchinji lili ndi malire a maiko awiri ndi njira zachidule zosawerengeka, zimene zingadutse anthu, mfuti ndi ndalama. Manda a anthu pafupifupi 30, oganiziridwa kuti anali a ku Ethiopia, amene anapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022, akusonyeza mmene ozembetsa anthu amadutsira dziko lino mwakachetechete.

Zoyenera kukanena n'zochita za munthu: gulu losungidwa m'nyumba yotseka n'kumatulutsidwa usiku, wolonjeza anyamata ntchito kapena sukulu yakunja koma akuwaletsa kuuza makolo, wofuna kugula chiphaso cha mnzake kapena kulembetsa manambala a foni ambiri m'mayina a ena. Chipembedzo, ndevu, kavalidwe ndi chilankhulo si umboni. Apa ife tikutsindika kwambiri kuposa mmene anachitira ophunzitsa. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, ndipo kuno, kumene abale athu a ku Chipata amabwera kumaliro ndi kumsika tsiku lililonse, mawu oti chigawenga angachite zomwezo. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Afunsidwe mwaulemu, alembedwe kwa mfumu. Tikagwira munthu, timupereke kupolisi wosamenyedwa. Lamulo limati aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi salipira.

Chikwama chokayikitsa chikapezeka pamsika kapena pa depoti, osachigwira, osachitsegula, osachithira madzi. Anthu atalikire mamita 100, ikakhala galimoto yaing'ono 200, lole 400. Foni iimbidwe patali, osachepera mamita 15. Chinthu chikaphulika, anthu asathamangireko kukaonera, chifukwa nthawi zina pamakhala chachiwiri chodikira khamu, komanso mapazi amafafaniza umboni. Zithunzi za ovulala zisaponyedwe pa WhatsApp.

Zofunika kuti komiti igamule Loweruka likubwerali ndi izi. Mudzi uliwonse usankhe woimba foni mmodzi ndi wachiwiri wake. Tisonkhe ndalama zogulira zingwe zinayi, matochi ndi mawenzulo, mvula isanayambe. Mafumu atiuze sukulu kapena tchalitchi cha pamtunda chimene anthu angathawireko. Za mayunitsi a oimba foni tinafunsa kumsonkhano, koma yankho silinamveke, choncho tiziike pa ndondomeko ya zokambirana zathu.