Kalata kwa Nabanda, za manambala a pa Google Scholar

Wokondedwa mwana wanga Nabanda,

Kuno tili bwino, miyendo ya mayi ako yasiyako kuvuta. Andiuza kuti sukugona tulo chifukwa fomu yopempha kukwezedwa pantchito ikufunsa h-index, ndipo yako ikuchepa poyerekeza ndi ya anzako amene munayamba limodzi. Pa foni sindikanalongosola bwino, ndiye ndati ndilembe.

Chinthu chikukusowetsa mtenderechi unabadwa kulibe. Anachiyambitsa ndi Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi ku San Diego, mu 2005. Ukakhala ndi mapepala a kafukufuku 10 amene lililonse latchulidwa ndi ofufuza ena kosachepera ka 10, h-index yako ndi 10. Basi. Sichifunsa ngati anakutchula pokuyamikira kapena pokutsutsa. Pepala la dokotala wa ku Britain Andrew Wakefield la mu 1998, lija linanamizira katemera wa chikuku, The Lancet, magazini ya kafukufuku (journal) imene inalisindikiza, inalichotsa mu 2010, koma anthu akulitchulabe ndipo nambala ikungokwera. Komanso pa masamba a pa intaneti owerengera nambalayi, Google Scholar imapereka nambala yokulirapo kuposa Scopus, chifukwa Scopus siwerenga ma journal ambiri a kuno kwathu. Mnzako akakuuza yake, uyambe wafunsa kumene waitenga.

Pita ku wodi ya ana ku Queens ukaone. Mwana akabwera atakomoka ndi malungo, dokotala amayang'ana ngati maso akutsatira nkhope ya mayi ake, amamutsina kuti amve kaliridwe kake ndi kuona ngati akuchotsa dzanja, kenako nkulemba nambala yosapitirira 5. Imeneyo ndi Blantyre Coma Score, imene Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anafalitsa mu 1989. Ikugwira ntchito m'zipatala za mayiko ambiri, koma dokotala wa usiku uja salemba citation, kutanthauza kutchula ntchito ya anzake m'pepala la kafukufuku. Kompyuta simuona.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwenikweni ndi nkhani ya ogwira nawo ntchito akunja. Usandimve molakwa, ndalama za kafukufuku zili kwa iwowo, ndipo ena ndi anthu abwino amene akhala nafe zaka zambiri. Koma ndakhala ndikuona m'mene zimayendera. Iwe ndiye ukagwada kwa amfumu kupempha chilolezo, iwe ndiye umasulira fomu m'Chichewa, iwe ndiye uyenda m'matope ndi bokosi la magazi kuthamangira kuti ayezi asasungunuke. Magaziwo akwera ndege. Pakapita chaka pepala lituluka, dzina loyamba ndi lomaliza ndi la eni ndalama, lako lili pakati penipeni, mwinanso m'ndime yothokoza pamodzi ndi dalaivala. Wasanduka waganyu m'munda wa makolo ako.

H-index ikwerabe ndithu, chifukwa imagawira aliyense mofanana. Mu 2015 kunatuluka pepala la ku CERN, malo a kafukufuku wa fizikisi ku Ulaya, la olemba oposa 5,000, ndipo aliyense amalandira citation yathunthu. Koma akuluakulu okweza anthu pantchito si ana. Amayang'ana mapepala amene dzina lako lili poyamba, amene funso lake linachokera m'mutu mwako.

Choncho magazi oyamba asanatengedwe, khalani pansi mulemberane: dzina loyamba ndi la yani, data isungidwa kuti, ndani adzaisanthula. Ndikudziwa kuti tinakulera kuti usamafunse mlendo mafunso otere. Funsa basi, mwaulemu, ndipo zikhale pa imelo.

Za "ndiike pa pepala lako, nanenso ndidzakuika" uzikane, ngakhale wopemphayo akhale bwana wako. Pepalalo likadzapezeka ndi bodza, onse olembedwapo amayankha mlandu. Ma journal otumiza uthenga wokutamanda nkumalonjeza kusindikiza m'sabata imodzi ukalipira madola, amenewo ndi akuba. Pa fomupo, pambali pa manambala, lemba mapepala ako atatu amene umawanyadira ndi chimene anasintha. Chikalata cha DORA cha mu 2012, chonena za kayesedwe ka ntchito za ofufuza, chimalimbikitsa zomwezo, kuti ntchito iziyesedwa poiwerenga osati pongoona dzina la journal.

Chinanso, mapepala ako ena ali m'dzina la kwathu, ena m'dzina la amuna ako, ndiye kompyuta ikukuyesa anthu awiri. Tsegula ORCID, nambala yozindikiritsa wofufuza pa intaneti, uwaphatikize onse usanapereke fomuyo.

Upereke moni kwa apongozi ndi adzukulu anga. Mayi ako akuti ufa atumiza Lachisanu.

Ndine bambo ako.