Dandaulo kwa eni sitolo ya magemu ya m'tauni ya Mzuzu pa za magemu akale amene munandigulitsa

Kwa inu eni ake a sitolo yogulitsa ndi kuika magemu m'makompyuta m'tauni muno,

Ndalemba dandaulo ili patsamba lanu la Facebook, pomwe aliyense angawerenge, chifukwa njira zina zakanika. Ndabwera kusitolo kwanu katatu kuchokera ku Luwinga, ndatumiza mauthenga a pa WhatsApp amene akuonetsa kuti anawerengedwa koma sanayankhidwe, ndipo ulendo womaliza mnyamata wa pakauntala anandiuza kuti abwana apita ku Lilongwe kukaoda katundu, ine ndikuiona galimoto yanu itaima pakhomo pomwepo.

Mwezi watha munalengeza patsamba lino kuti muli ndi magemu 12 akale a adventure (magemu a nkhani momwe wosewera amamasula ndagi kuti nkhaniyo ipitirire), oikidwa pa fulashi imodzi, pa mtengo wa K30,000, ndipo munalemba kuti wogula angolowetsa fulashiyo m'kompyuta n'kuyamba kusewera. Ndinalipira ndalama yonse pafoni ndipo uthenga wotsimikiza ndikadali nawo. Ndine mphunzitsi, ndipo ndalama imeneyi siituluka m'thumba mwanga mwachibwana. Ndinaitulutsa chifukwa pamndandanda wanu ndinaonapo The Secret of Monkey Island, gemu ya chaka cha 1990 imene ndinaisewera ndili mnyamata pakompyuta ya amalume ku Zomba, dikishonale ili pamiyendo, ndikuyesa kumvetsa zimene mtengambali wamkulu wa gemuyo, Guybrush Threepwood, ankanena pofuna kukhala mbava ya panyanja. Chingerezi chambiri chimene ndimaphunzitsa lero ndinachitola pamenepo, makamaka pa nkhondo ya malupanga ya m'gemuyo, imene munthu sapambana ndi mphamvu koma ndi kudziwa kuyankha chipongwe ndi chipongwe choyenerana nacho. Ndinkafuna kuti ana anga awiri alawe zomwezo patchuthi chino, pomwe chisanu ndi mvula yowaza ya kuno zikuwatsekera m'nyumba.

Titafika kunyumba ndi fulashiyo, magemu ambiri sanatseguke n'komwe. Munangokopera mafayilo a DOS, pulogalamu imene inkayendetsa makompyuta akale, monga momwe alili, pomwe Windows ya 64-bit, imene ili m'malaputopu ambiri masiku ano, siyendetsa payokha mapulogalamu a DOS. Pamafunika DOSBox kapena ScummVM, mapulogalamu aulere ndiponso ang'onoang'ono, amene munthu wogulitsa magemu akale anayenera kuwadziwa asanalembe chilengezo. Nditabwerera kwa inu, mnyamata wanu anayang'ana laputopu yanga n'kunena kuti vuto ndi lakuti yakalamba. Ndinasowa choyankha, pakuti gemu ya 1990 imeneyi inkayenda pa makompyuta a memory yosakwana 1 MB, ndipo laputopu imene iye ankainyozayo ili ndi 4 GB. Mapulogalamu aja ndinadzawatsitsa ndekha pa intaneti ndi bandulo yanga, kutanthauza kuti ntchito imene ndinakulipirirani ndinaigwira ndine.

Magemu atayamba kutseguka ndi pomwe ndinaona kuti zimene munandipatsa ndi zoperewera. Monkey Island imene munaika ndi ya pa mafulopi, ndipo isanayambe imaonetsa nkhope ya mbava ya panyanja n'kufunsa chaka chimene mbavayo inapachikidwa pa chilumba chakutichakuti. Yankho limapezeka pa kagudumu ka pepala kotchedwa Dial-a-Pirate, kamene kankabwera m'bokosi la gemuyo pofuna kuletsa anthu kukopera mwakuba. Pa fulashi yanu palibe ngakhale chithunzi cha kagudumuko. Broken Sword ya 1996 inkabwera pa ma CD awiri, koma inu munakopera imodzi yokha, motero mtengambali wake wamkulu, George Stobbart, amatha kuyendayenda mu Paris kufufuza za bomba limene linaphulika pa malo omwera khofi, koma nkhani ikati ipite ku Ireland gemu imaitanitsa CD yachiwiri n'kuima pomwepo. Anthu amene anaisewera kale adzamvetsa chisoni changa, chifukwa ndinali nditawauza kale ana za mbuzi ya ku Lochmarne, mudzi wa ku Ireland m'gemuyo, imene inasowetsa tulo osewera ambiri, ndipo mpaka lero sanaione.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi King's Quest VI ya 1992. Gemu imeneyi inatseguka bwino, ndipo mwana wanga wamkazi wa Fomu 2 anaikonda kuposa zonse. Anakhala nayo madzulo atatu, akulemba m'kope zinthu zonse zimene Alexander, mwana wa mfumu amene ndi mtengambali wamkulu, watola ndi anthu amene walankhula nawo, mpaka anafika pa chilumba cha Isle of the Sacred Mountain, pomwe pali phedi lotchedwa Cliffs of Logic. Kuti munthu akwere phedi limenelo amayenera kumasula mafunso olembedwa pathanthwe, ndipo ena mwa mafunsowo ali m'zilembo zachilendo zimene tanthauzo lake lili m'kabuku kotchedwa Guidebook to the Land of the Green Isles, kamene kampani ya Sierra inkaika m'bokosi. Popanda kabukuko palibe nzeru imene ingakukweze pamwamba. Mwanayo sankadziwa zimenezi, choncho anayesa usiku wonse, Alexander akugwa n'kufa kambirimbiri, mpaka anatseka laputopu n'kunena kuti mwina iye ndiye wopanda nzeru. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo magemu awa amaphunzitsadi kudekha, koma palibe kudekha kumene kungabweretse kabuku kamene wogulitsa sanakaike. Ndinachita kumufotokozera kuti cholakwa si chake.

Pali zinthu zina ziwiri zimene ndizitchula mwachidule. Fulashi yanu inali ndi vayirasi ija yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut, ndipo inalowa mu fulashi yanga ya kuntchito momwe muli masikimu a teremu yonse, moti ndinataya tsiku lathunthu ndikuwabwezeretsa. Komanso pa magemu 12 aja, awiri ndi aulere kwa aliyense: Beneath a Steel Sky ya 1994 inaperekedwa kwaulere ndi eni ake, a Revolution Software, m'chaka cha 2003, ndipo Flight of the Amazon Queen ya 1995 nayonso inamasulidwa chimodzimodzi m'chaka cha 2004. Sindikukana kuti mulipiritse pa ntchito yotsitsa ndi kuika, pakuti bandulo ndi yodula ndipo nthawi yanu ndi ndalama, koma wogula ayenera kuuzidwa kuti akulipirira ntchitoyo osati gemuyo.

Zonsezi ndikanatha kuzipirira mukanangovomera n'kukonza. Chandilembetsa poyera ndi yankho limene ndinalandira ulendo wachiwiri, pamaso pa makasitomala ena. Mnyamata wanu anaseka n'kunena kuti, "Madala, magemu awa ndi a azigogo, bwanji tingokuikirani mpira?" Ndilibe chifukwa ndi magemu a mpira, ndipo mwana wanga wamwamuna amawasewera kwa anzake ku Chibavi mpaka kuiwala nsima. Koma si chimene munalengeza, si chimene ndinagula, ndipo mawu amenewo anandionetsa kuti m'sitolo mwanu mulibe munthu amene anatsegulapo ngakhale imodzi mwa magemu amene mukugulitsa. Gemu ya adventure ili ngati nthano imene mkati mwake aikamo ndagi: womvera samangoyankha kuti "tili tonse", koma amayenera kumasula ndagiyo kuti nthano ipitirire. Munthu amatola zinthu, amalankhula ndi anthu a m'nkhaniyo, amaganiza kuti chingwe ichi chingagwire ntchito yanji pa chitseko chija. Kumupatsa mpira munthu amene wabwera kudzafuna zimenezi kuli ngati kumupatsa bawo munthu amene wapempha buku.

Popeza mwaonetsa kuti simukudziwa katundu wanu, ndiloleni ndikuuzeni zimene wogula ngati ine amayembekeza kumva pakauntala, ndipo ena owerenga pano amene akufuna kuyamba angatolepo kanthu. Choyamba n'chakuti makampani awiri akuluakulu a nthawi imeneyo ankasiyana khalidwe. Magemu a Sierra amapha wosewera pa cholakwa chaching'ono, ndipo ena amakulola kupitirira ulendo utataya kale chinthu chimene udzachifune kutsogolo. Mu King's Quest V ya 1990, ukadya chitumbuwa chimene unagula m'tauni, udzazindikira patapita maola ambiri kuti chinali choti ukachigende kumaso kwa chilombo cha kumapiri achisanu, ndipo ngati sunaseve pamalo abwino umayambiranso. A Lucasfilm Games, amene pambuyo pake anatchedwa LucasArts, anasankha njira ina kuyambira cha m'ma 1990: wosewera asafe chisawawa ndipo asatsekeredwe popanda potulukira. Mu Monkey Island, kuti Guybrush afe umachita kumusiya dala pansi pa madzi kwa mphindi khumi, chifukwa iye amadzitama kuti amatha kugwira mpweya nthawi yotalika chomwecho. Choncho mwana kapena munthu wongoyamba kumene muyambitseni ndi LucasArts, ndipo za Sierra mumupatse atazolowera kuseva pafupipafupi.

Ine ndikanati woyamba ayambe ndi Day of the Tentacle ya 1993, imene ndimaiona kuti ndi yolukidwa bwino kuposa zonse. Anzake atatu amabalalika m'nyumba imodzi koma pa nthawi zosiyana: Hoagie amagwera zaka 200 m'mbuyo, Laverne zaka 200 m'tsogolo, Bernard n'kutsala m'masiku ake. Chimene wina wachita kale chimasintha zimene mnzake apeze kutsogolo, monga kudulitsa mtengo m'nthawi ya Hoagie kuti Laverne, amene wakodwa pa mtengo womwewo, agwe pansi n'kumasuka. Mwana akamvetsa zimenezi payekha, nkhope yake imawala mwa mtundu umene sindiuona kawirikawiri m'kalasi. M'kati mwa gemuyo mulinso kompyuta imene ukaitsegula umasewerapo Maniac Mansion yonse ya 1987. Kwa mwana wamng'ono amene Chingerezi chikadamuvuta, Loom ya 1990 ndi yofatsa ndiponso yaifupi, ndipo m'malo motola zinthu amagwiritsa ntchito timanoti tinayi ta nyimbo. Indiana Jones and the Fate of Atlantis ya 1992 ndi yabwino kwa banja la ana okangana, chifukwa pakati pake imagawika njira zitatu, ya nzeru, ya nkhonya ndi yoyenda awiri ndi Sophia Hapgood, motero aliyense atha kutenga yake.

Akuluakulu apatseni Broken Sword, koma yathunthu, ndiponso Grim Fandango ya 1998 ya Tim Schafer, momwe Manny Calavera amagulitsa matikiti a ulendo kwa mizimu m'dziko la akufa, ndipo nkhani yake imatenga zaka zinayi. Gabriel Knight: Sins of the Fathers ya 1993 inalinso pa fulashi yanu popanda chenjezo lililonse, pomwe ndi nkhani ya kuphana ndi matsenga mumzinda wa New Orleans, yosayenera mwana wa pulayimale. Mwayi wake ndinaidziwa kale n'kuichotsa ana asanaione. Myst ya 1993 ine sindinaikondepo, chifukwa chilumba chake chilibe anthu olankhula nawo ndipo chimandisungulumwitsa, koma ndikudziwa kuti alipo ambiri amene amaiika pamwamba, ndipo kwa zaka zingapo inali gemu ya pakompyuta yogulidwa kwambiri kufikira The Sims inaipitirira m'chaka cha 2002.

Chodabwitsa n'chakuti magemu amenewa ndi oyenera kwambiri moyo wathu wa kuno kuposa ambiri amene mumawatamanda. Safuna intaneti posewera, safuna kompyuta yamphamvu, ndipo magetsi akathima batire ya laputopu yakale imakwanira kusewera madzulo onse. Ambiri mwa iwo anakonzedwanso mwatsopano ndipo amagulitsidwa mwalamulo pa GOG ndi pa Steam, masitolo a magemu a pa intaneti: Monkey Island yoyamba mu 2009, Grim Fandango mu 2015, Day of the Tentacle mu 2016. Ogulidwa kumeneko amatseguka pa Windows ya masiku ano popanda vuto, ndipo pa GOG magemu akale ambiri amabwera ndi timabuku tawo. Ambiri a ife tilibe khadi la kubanki logulira zinthu kunja, ndipo ndicho chifukwa chake timabwera kwa inu. Mukanandiuza kuti mudzandithandiza kugula atatu okha ovomerezeka pa ndalama yomweyo, ndikanavomera mosangalala kusiyana ndi kundipatsa 12 osweka amene sindikudziwa kumene munawatenga.

Pempho langa ndi ili. Mundibwezere K30,000 yanga yonse, kapena mundithandize kugula mwalamulo King's Quest VI ndi Broken Sword zathunthu, pamodzi ndi kabuku kaja, n'kuziika pa laputopu yanga ine ndikuona mpaka zitseguke. Za ndalama ya sakaramento ya maulendo atatu aja sindikuitanitsa. Muchotsenso chilengezo chija patsamba lino kufikira mutayesa gemu iliyonse kuyambira poyamba mpaka patali ndithu, ndipo muyeretse kompyuta imene mumakoperera, chifukwa vayirasi imeneyo ikupita m'nyumba za anthu ena tsiku lililonse. Ndidzafika kusitolo kwanu Loweruka lino nthawi ya 10 koloko m'mawa, ndi laputopu, fulashi ndi uthenga wa malipiro. Ndikadzauzidwanso kuti abwana ali ku Lilongwe, Lolemba lake ndidzakapereka dandaulo lomweli ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma lomva madandaulo a ogula. Mwana wanga ndidzabwera naye, chifukwa kope lake lija akadalisunga, ndipo Alexander akadali pansi pa phedi.