Lipoti la msonkhano wa kuboma pa nkhani ya kalipiridwe ka alendo

A Wapampando, a komiti, ndi anzanga nonse osema ziboliboli ndi operekeza alendo ku Chongoni,

Kumsonkhano umene munandituma Lachinayi lapitali ku boma la Dedza ndinafikako bwino. Kunali eni malo ogona alendo, ma ejenti a ndalama za pafoni, amalonda a kuchipata cha Dedza ndi ena a ku Lizulu, komanso oimira mabanki ndi makampani a mafoni. Za alawansi musandifunse, tinangolandira ya thiransipoti.

Funso lanu ndinalifunsa m'mawa womwewo: zikutheka bwanji kuti agogo akumudzi amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, koma mlendo wa foni yodula amasiya chiboliboli atachikonda? Anatiyankha kuti ndalama zimenezi zimakhala pa nambala ya kuno kwathu. Kuyambira 2018, MACRA imafuna kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe, ife ndi chiphaso cha unzika, mlendo ndi pasipoti. Akalembetsa atsegule akaunti, kenako apeze makwacha enieni oti ejenti amuikire. Pa nambala yakwawo, *211# ndi *444# sizimufikitsa ku ndalama zathuzi. Ndiye tangoganizani munthu wabwera masiku awiri okha kudzaona zojambula za pamiyala zimene UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2006. Ataye m'mawa wonse pamzere chifukwa cha chiboliboli chimodzi? Amangoti abweranso, ndipo tonse tikudziwa kuti sabweranso.

Kunyamula ndalama m'thumba nakonso n'kolemetsa. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo inakwera, pamene pepala lalikulu likadali la K5,000, ndipo makina otapira ndalama ali kuboma.

A ku Lizulu, kumene msewu wa M1 wayenda m'malire enieni, ananena za makasitomala a ku Mozambique. Iwo ali ndi M-Pesa ndi e-Mola, koma ndalama zake ndi ma metical, moti sangatitumizire monga timatumizirana tokhatokha. Ena mwa amalondawo akuti amasunga mafoni awiri.

Pamene panavuta ndi pa njira zachidule. Alipo anzathu amene amalembetsera mlendo simu khadi m'dzina lawo, ena amalandira madola n'kukasintha kuseri. Tachenjezedwa kuti nambala ikalembedwa m'dzina lako, chilichonse chochitika pa nambalayo udzayankha ndiwe, mlendo ali kwawo kale. Madola nawo amasinthidwa kubanki kapena kumalo amene ali ndi chilolezo cha Reserve Bank. Sindibisa, inenso ndinalembetserapo mzungu wina chaka chatha pomumvera chisoni, ndipo mpaka lero sindidziwa kumene kuli khadiyo. Nditamva zimenezi ndinangoti zii pampando.

Chimene ndaona kuti chingatithandize ndi makina a POS, oti mlendo azilipira ndi khadi lake la Visa kapena Mastercard. A kubanki akuti pafunika akaunti ya gulu, ndipo pa malonda alionse amadulapo kangachepe. Ndinawakumbutsa kuti netiweki ku Mphunzi imabwera ikafuna, iwo n'kulemba m'kabuku. Maganizo anga ndi akuti tiyambe ndi makina amodzi a tonse, asungidwe ndi msungichuma, aliyense azilemba zimene wagulitsa m'buku limodzi. Kudulidwa pang'ono sikungapose kubwerera ndi katundu kunyumba madzulo.

Loweruka likudzali tidzakambirane zinthu ziwiri: ngati tikuvomereza kutsegula akauntiyo, komanso anthu atatu osainira. Amene munalembetsera alendo ma simu khadi mubwere ndi ziphaso zanu, tidzapitire limodzi kuboma kukawatseketsa.

Ine nthumwi yanu.